Pepala Lopanda Deti: Kusunga Manotsi pa Sukulu ya Unamwino

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

MUULUTSI: Lero tikucheza ndi ophunzira unamwino ndi uzamba, kaya muli ku Kamuzu University of Health Sciences, ku Malawi College of Health Sciences, ku Mzuzu University, kapena m'masukulu a mipingo amene ali pansi pa CHAM monga Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Mulanje Mission, St Luke's ku Malosa, St Joseph's ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe ndi Trinity ku Muona. Nanunso makolo amene mukulipirira ana kumeneko musachoke, nkhaniyi ikukukhudzani. Tikamba za manotsi ndi mahandauti, mapepala aja amagawa aphunzitsi m'kalasi. Ndili ndi mayi amene agwira ntchito ya unamwino ndi uzamba kwa zaka zambiri, ndipo pano akuphunzitsa anamwino a mawa. Mayi, takulandirani.

APHUNZITSI: Zikomo achimwene, ndipo moni kwa onse akutimvera. Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso angawa m'wodi ya ana, pa chipatala china chimene ndinkayang'anirako ophunzira. Kunabwera mayi ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu, akutsokomola, thupi lili moto. Ndinauza mtsikana wina wa chaka chachiwiri kuti awerenge kapumidwe ka mwanayo kwa mphindi yathunthu. Anawerenga bwinobwino, napeza 54. Ndinamufunsa kuti, "54 ameneyu akutiuza chiyani?" Mtsikanayo anangoti kakasi. Kenaka anayankha motsitsa mawu kuti, "Madamu, zimenezi ndili nazo pa handauti, koma ili ku hositelo."

Madzulo ake ndinapita naye ku hositeloko. Anakoka katoni pansi pa bedi, momwe munali mapepala a zaka ziwiri, ena opindika, ena onyowa m'makona, ena osadziwika mutu wake. Tinafufuza pafupifupi theka la ola. Pepalalo tinalipeza, ndipo zonse zinalipo: mwana wosakwana miyezi iwiri akamapuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi ndiye kuti akupuma mofulumira, wa miyezi iwiri mpaka chaka, malire ake ndi 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu, ndi 40. Mwana uja anali ndi chizindikiro cha chibayo. Nzeru yomuthandizira inalipo, koma inali pansi pa bedi.

Mtsikana ameneyo sanali waulesi ayi. Anali mmodzi mwa akhama m'kalasi mwake. Chimene chinandipweteka mtima n'chakuti cholakwacho chinali chathunso aphunzitsi. Timaphunzitsa kuyala bedi, kusamba m'manja, kubaya jakisoni, koma kasungidwe ka zimene tikuphunzitsazo timangoganiza kuti mwana anabwera nako kuchokera ku sekondale.

MUULUTSI: Komatu mayi, amene afika ku koleji ndi anthu amene anakhoza bwino mayeso a Fomu 4. Sanganene kuti kulemba manotsi anakudziwa kale?

APHUNZITSI: Anakudziwa, koma kwa sekondale. Kumeneko phunziro limodzi lili ndi kope limodzi ndi mphunzitsi mmodzi, ndipo zimene walemba chaka chino zidzakhalabe zoona chaka chamawa. Mtsinje wa Shire suchoka pa mapu. Ku unamwino n'kosiyana. Phunziro limodzi atha kuligawana aphunzitsi atatu. Wina amayankhula inu mukulemba, wina amagawa mapepala, wina amatumiza masilaidi pa gulu la WhatsApp usiku. Kenaka mukapita kuwodi, asisita amakuphunzitsani chiimirire pambali pa bedi la wodwala, inu n'kulemba pa kapepala kamene mwakapeza m'thumba la yunifolomu. Nthenda imodzi yokha, tinene shuga, mudzaimva mu physiology, mudzaimvanso mu pharmacology, mu medical-surgical nursing, mu community health, komanso mu uzamba pokamba za mayi woyembekezera. Zidutswa zisanu za nkhani imodzi, m'makope asanu.

Koma kusiyana kwakukulu, kumene ndabwerera pano lero, ndi uku: manotsi a namwino amakalamba. Ndipo akakalamba amatha kuvulaza munthu.

Taonani malungo. Amene tinakula kale tikukumbukira kolokwini, kuwawa kwake ndi kuyabwa kwake kuja. M'chaka cha 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kusiya kolokwini n'kuyamba kupereka SP, amene anthu ankamutcha Fansida, chifukwa tizilombo ta malungo tinali titasiya kumva mankhwala akalewo. Mu 2007 tinasinthanso, n'kuyamba LA. Lero SP timapereka kusikelo kwa amayi oyembekezera pofuna kuwateteza, osati pochiza wodwala malungo. Pa malungo aakulu, kale tinkathamangira kwinini wa m'diripi. Pano mankhwala oyamba ndi jakisoni wa artesunate. Tsono tangoganizani wophunzira amene watola handauti ya malungo yopanda deti. Yalembedwa bwino, Chingerezi chake chosalala, mwina pali ndi dzina la mphunzitsi wolemekezeka. Adziwa bwanji kuti ndi ya nthawi iti?

Za HIV zasintha mofulumira kuposa pamenepo. Mu 2011 Malawi anayamba ndondomeko yotchedwa Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo ayambe ma ARV kwa moyo wake wonse, ndipo mayiko ena anatengera kwa ife. Mu 2016 zinafika poti aliyense wopezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala osadikira kuti chitetezo chitsike. Mu 2019 tinayamba kusamutsira anthu ku mankhwala okhala ndi dolutegravir. Zonsezi zachitika m'zaka zosakwana khumi. Ngakhale za sikelo ya amayi: kale tinkaphunzitsa maulendo anayi, koma mu 2016 bungwe la WHO linalangiza kuti mayi woyembekezera aonedwe kasanu ndi katatu.

Ndikudziwa chikondi chimene chilipo m'mahositelo mwathu. Womaliza sukulu amasiyira mng'ono wake wa chaka choyamba mulu wa manotsi, ndipo mng'onoyo amaulandira ndi manja awiri. Ndi mwambo wabwino, sindikuuletsa. Anatomy ya mtima sinasinthe, mafupa a chiuno cha mayi ndi omwe aja. Koma chilichonse chokhudza dzina la mankhwala, mlingo wake, ndondomeko ya katemera kapena kayezedwe ka matenda, musachikhulupirire musanachiyerekeze ndi malangizo atsopano a Unduna wa Zaumoyo, monga buku lija la Malawi Standard Treatment Guidelines ndi mabuku a malungo, HIV ndi TB amene ali m'mawodi. Nawonso mabuku amenewa muziyang'ana pachikuto kuti anasindikizidwa chaka chiti.

MUULUTSI: Ndiye wophunzira amene akutimvera pano, katoni yake ili pansi pa bedi, ayambire pati?

APHUNZITSI: Ayambire pa cholembera, asanagule chilichonse. Pepala lililonse limene lalowa m'manja mwake, tsiku lomwelo, alembe pakona yapamwamba deti, phunziro, ndi amene wapereka. Ngati mphunzitsi watchula kumene watenga, kaya ndi buku kaya ndi malangizo a Unduna, alembenso ndi chaka chake. Sizitenga mphindi. Ngati handauti ili ndi masamba angapo, alembe manambala ndi kuwamanga pamodzi asanatuluke m'kalasi, chifukwa tsamba lachitatu likatayika n'kutsala lachinayi, mlingo wa mwana utha kuoneka ngati wa munthu wamkulu.

Ndimawauza ophunzira anga kuti chizolowezi chimenechi ndi unamwino kale. Mawa lino mudzakhala m'chipinda chochilira amayi, patogirafu ili m'manja. Mtima wa mwana mudzamvera mphindi 30 zilizonse, njira mudzayeza pa maola anayi alionse, ndipo chilichonse mudzalemba ndi nthawi yake ndi kusayina. Mukapereka mankhwala, mudzalemba ola. Mnzanu wolandira ntchito usiku adzadalira zimenezo. Dzanja limene lazolowera kusiya pepala lopanda deti ku hositelo silidzasintha lokha likafika kuwodi.

Zikatero, phunziro lililonse likhale ndi nyumba yake imodzi. Fayilo ya mphete ndi yabwino kwa amene angakwanitse, chifukwa mumatha kulowetsa pepala pakati. Koma ndalama ndi yovuta, ndikudziwa. Fayilo wamba ya katoni ikwanira. Zogawira mitu mutha kudula kuchokera ku katoni ya sopo kapena ya mabisiketi. Wopanda choboolera mapepala agwiritse msomali ndi ulusi wolimba. Ophunzira anayi athanso kusonkherana choboolera chimodzi. Tsamba loyamba la fayilo likhale mndandanda wa mitu imene ili m'katimo, motsatira kosi autilaini imene aphunzitsi amapereka poyamba temu. Pepala limenelo ambiri amalitaya sabata yoyamba, chonsecho ndilo limakuuzani zimene mukuyenera kudziwa pofika mayeso. Mutu ukaphunzitsidwa, chongani. Mutu umene munaphonya chifukwa munadwala kapena munapita kumaliro udzaonekera wokha kuti palibe, ndipo mudzaufuna kwa anzanu nthawi ikadalipo.

Amene amalemba m'makope a hadikava, musasakanize maphunziro awiri m'kope limodzi pofuna kusunga masamba. Ngati kope ndi limodzi basi, yambani phunziro lina kutsogolo, lina kumbuyo. Ndipo pamene manotsi a m'kope akugwirizana ndi handauti ya m'fayilo, lembani m'mbali kuti onani handauti ya deti yakutiyakuti.

Za adani a pepala ndingodutsapo, mukuwadziwa: chinyontho cha dzinja, denga lodontha, chiswe, mphemvu, makoswe. Mafayilo asagone pansi pa simenti. Akhale pa shelefu kapena m'sutikesi, okutidwa m'jumbo. Popita ku holide kapena kukagwira ntchito ku chipatala chakutali, musasiye mapepala otsamira khoma.

Koma pali buku limodzi limene ndikupemphani mulisunge ngati chiphaso: buku lija losayinitsa ntchito zimene mwagwira kuwodi, amayi amene mwachilitsa, makanda amene mwawasamala. Manotsi akatayika mutha kukopera kwa mnzanu. Masiginecha a asisita amene anakuonani mukugwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi yapitayo simungawakopere kwa aliyense, ndipo mwina asisitawo anasamutsidwa. Sayinitsani tsiku lomwelo, ndipo bukulo likhale ndi jumbo yakeyake.

(NYIMBO YAIFUPI)

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikucheza za kasungidwe ka manotsi pa sukulu ya unamwino. Mayi, mwatiuza za deti ndi mafayilo. Koma pepala kukhala pamalo pake sindiye kuti lalowa m'mutu.

APHUNZITSI: Mwalasa, achimwene. Pali ophunzira amene mafayilo awo ndi okongola, mitu yolembedwa ndi makala amitundumitundu, koma handauti ili mbee, yosakhudzidwa chilandirireni. Handauti ndi maganizo a mphunzitsi. Imasanduka yanu pokhapokha mwailembapo. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Katswiri wina wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kale mu 1885 kuti munthu amaiwala kwambiri m'maola oyambirira atangophunzira chinthu, ndipo kubwereza patapita nthawi kumachepetsa kuiwalako. N'chifukwa chake ndimati manotsi a lero muwaonenso lero, ngakhale kwa mphindi khumi ndi zisanu musanagone. Mawu amene munafupikitsa mothamanga muwamalize mukadakumbukira. Pamene simunamve ikani chizindikiro, mawa mukafunse. Safunsa anadya phula, ndipo kuno kwathu phulalo amadya ndi wodwala.

Njira imene ndimaikonda ndi imene anayambitsa Walter Pauk pa yunivesite ya Cornell ku America m'zaka za m'ma 1950. Mumajambula mzere kutsika tsamba, kusiya danga laling'ono kumanzere. Kumanja mumalemba za m'kalasi. Kumanzere, madzulo, mumalemba mafunso amene manotsiwo akuyankha. Powerenga mumaphimba kumanja ndi dzanja n'kudzifunsa nokha. Kudzifunsa kumeneko n'kumene kumakhazika zinthu m'mutu, kuposa kuwerenga tsamba lomwelo kakhumi maso akungoyenda.

Ine ndimawonjezerapo chinthu chimodzi chimene Pauk sakanachiganiza, chifukwa ophunzira ake ankaphunzira ndi kugwira ntchito m'chinenero chimodzi. Ife timaphunzira m'Chingerezi, koma wodwala sabwera ndi Chingerezi. Amabwera akunena kuti m'thupi mukuphwanya, ali ndi chizungulire, mutu waching'alang'ala, mwana akubanika, maso achita chikasu. Agogo operekeza mdzukulu wawo sanena kuti wayamba leba. Amati matenda ayamba. Mayi akabereka timati wachira. Wina adzakuuzani chapansipansi kuti anapita padera kawiri. Wina adzati mauka, ndipo muyenera kufunsa modekha kuti mudziwe chimene iye akutanthauza, chifukwa mawu amenewo amanyamula zinthu zingapo. Tsono m'danga lakumanzere lija muzilembamo mawu amene odwala amanena, pafupi ndi mawu a m'buku. Mukatumizidwa ku Mzimba kapena ku Rumphi, onjezani a Chitumbuka. Ku Mangochi ndi ku Machinga, a Chiyao. Ku Nsanje, a Chisena. Afunseni agadiyani ndi amayi okonza m'wodi, adzakuphunzitsani mokondwa. Mawu amenewa simudzawapeza pa silaidi iliyonse, koma ndi amene adzakuthandizeni kumva mbiri ya wodwala ndi kumulangiza asanatuluke m'chipatala.

MUULUTSI: Poyamba munati nthenda imodzi imamwazikana m'makope asanu. Mafayilo a maphunziro sakuthetsa zimenezo.

APHUNZITSI: Sakuthetsa, n'chifukwa chake pakufunika fayilo ina imodzi, imene kwa ine ndiyo yofunika kuposa zonse. Mafayilo a maphunziro amatsatira ndandanda ya sukulu. Wodwala satsatira ndandanda imeneyo. Safika pa bedi atagawidwa kuti mbali iyi ndi physiology, mbali iyo pharmacology. Amafika wathunthu, ndi gadiyani wake ali pambali akukuyang'anani.

Choncho kuyambira chaka chachiwiri, tsegulani fayilo ya matenda. Nthenda iliyonse tsamba limodzi, kutsogolo ndi kumbuyo, lolembedwa ndi dzanja lanu. Titenge chibayo cha mwana uja. Pamwamba mulembe mwachidule chimene chikuchitika m'mapapo, kuchokera m'manotsi a physiology. Kenaka zimene mudzaone ndi kumva: malire aja a kapumidwe, kulowa kwa chifuwa popuma, ndi zizindikiro zoopsa monga kulephera kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, kukomoka, kufooka kosadzuka. Kenaka chisamaliro cha namwino, motsatira njira imene timaphunzitsa ija: kuunika, kupeza vuto, kukonza chochita, kuchita, ndi kuonanso ngati zathandiza. Kenaka mankhwala, ndi chaka cha malangizo amene mwatengamo. Pomaliza, zimene mudzawauze mayi ake m'chinenero chawo. Pansi penipeni mulembe kuti zambiri zili mu fayilo iti.

Kukakamizika kuti zonse zikwane tsamba limodzi n'kumene kumaphunzitsa, chifukwa mumayenera kusankha chofunika. Ndipo musayambe ndi matenda achilendo amene mumawaona pa zithunzi zokha. Yambani ndi amene adzaza mawodi athu: malungo, chibayo, kutsegula m'mimba, kuchepa magazi, kunyentchera, TB, HIV, kuthamanga kwa magazi, shuga, kolera, kutaya magazi mayi atachira, BP ya amayi oyembekezera. Usiku woti mawa mukuyamba wodi yatsopano, solotsani masamba a wodi imeneyo muwerenge. Mukabwerako, lembanipo zimene mwaona zosiyana ndi za m'buku. Pofika nthawi ya mayeso a Khonsolo, ija ya Nurses and Midwives Council of Malawi imene imapereka chilolezo chogwirira ntchito, anzanu akadzakhala akuvundukula makatoni a zaka zitatu kapena zinayi, inu mudzakhala ndi fayilo imodzi imene munalemba nokha.

MUULUTSI: Achinyamata akutimvera anena kuti, mayi, zonsezi ife tili nazo m'foni.

APHUNZITSI: Foni sindidana nayo. Fotokope ndi yodula, ndipo masilaidi a m'foni apulumutsa ana ambiri osauka. Koma foni nayonso imasanduka katoni ya pansi pa bedi. Zinthu zimabwera pa gulu la kalasi pakati pa macheza, zithunzi za ukwati ndi mauthenga a mapemphero, zili ndi mayina osamveka, zina zofanana katatu. Tsiku limene mukuzifuna mumatsetsereza chala mpaka batire kutha.

Lamulo ndi lomwe lija. Chinthu chikangofika, chichotseni pa WhatsApp, chilowe m'foda ya phunziro lake, ndipo muchipatse dzina loyamba ndi chaka, kenaka mwezi, kenaka mutu. Mayina a mafoda afanane ndi a mafayilo a mapepala, kuti mutu wanu usunge mapu amodzi. Ndipo zikhale malo awiri. Foni imabedwa m'minibasi, imagwera m'beseni, imafa yokha. Mukapeza intaneti ya pasukulu, kwezani zonse pa Google Drive kapena dzitumizireni pa imelo. Apo ayi, koperani pa fulashi kapena pa laputopu ya mnzanu. Magetsi akazima sabata ya mayeso, wa mapepala amayatsa tochi n'kupitiriza. N'chifukwa chake ndimati masilaidi akhale m'foni, koma fayilo ya matenda ija ikhale ya pepala.

Chenjeraninso ndi zimene mumatsitsa pa intaneti. Manotsi ambiri okongola amene amayenda m'mafoni analembedwera ophunzira a ku America, ku Britain kapena ku India. Physiology yake ndi yabwino. Koma mankhwala, mayina ake, ndondomeko ya katemera ndi malamulo a ntchito ndi a kwawo. Zoterozo zikhale m'foda yapadera yolembedwa kuti zakunja, zisasakanikirane ndi za Unduna wathu.

Tsono pali kakope ka m'thumba, kamene namwino wophunzira aliyense ayenera kukhala nako kuwodi. Mmenemo mukhale zinthu zochepa zimene zimafunika mwadzidzidzi: malire a kugunda kwa mtima ndi kapumidwe pa misinkhu yosiyana, zizindikiro zisanu za Apgar, ndi kawerengedwe ka madontho a diripi. Ndipereke chitsanzo, amene muli ndi cholembera lembani. Adokotala alemba kuti mamililita 1000 alowe kwa maola 8. Pa paketi ya chubu cha diripi palembedwa kuti madontho 20 amapanga mililita imodzi. 1000 kuchulukitsa ndi 20 ndi 20,000. Maola 8 ndi mphindi 480. Mukagawa 20,000 ndi 480 mupeza madontho pafupifupi 42 pa mphindi. Koma m'kakopemo mulembenso ndi zilembo zazikulu kuti yang'ana paketi, chifukwa machubu ena, makamaka a ana, amatulutsa madontho 60 pa mililita. Ndipo kakope kameneka ndi kokukumbutsani chabe. Mlingo wa mankhwala mumatenga pa zimene zalembedwa m'fayilo ya wodwala ndi m'buku la malangizo la m'wodi, ndipo wophunzira sapereka mankhwala popanda namwino womuyang'anira.

Apa ndiyankhule molimba pang'ono, ana anga. M'kakope kameneko, ndi m'manotsi anu onse, musalembe dzina la wodwala, mudzi wake kapena nambala yake ya foni. Polemba kesi sitade, dzina libisike. Musajambule fayilo ya wodwala, buku lake la kuchipatala, chilonda chake kapena nkhope yake n'kutumiza pa gulu, ngakhale cholinga chikhale chophunzira. Dziko lathu ndi laling'ono. Amene wagona pa bedi lachitatuyo ndi azakhali a mnzanu wa m'kalasi, kapena ndi mkulu wa mpingo kwanu. Kakope kakagwa pamsika, matenda a munthu asanduka nkhani ya mudzi wonse. Munthuyo anakuvulirani zovala ndi kukuuzani zimene sanauze ngakhale mwamuna wake, pokhulupirira yunifolomu imene mwavala.

MUULUTSI: Nanga zakale zija, zimene zapezeka kuti zinatha ntchito, atani nazo?

APHUNZITSI: Azichotse m'fayilo. Ambiri zimawavuta, chifukwa pepala analipira ndalama pochita fotokope. Koma pepala la mlingo wakale likakhala pafupi ndi la mlingo watsopano, tsiku lina mutatopa mudzasolola lolakwika. Ngati mukufuna kulisunga kuti muzikumbukira mmene zinthu zinasinthira, lidutseni mzere wofiira kuchokera kona mpaka kona, mulembe kuti zinasintha, ndi chaka chake. Ndipo musalipereke kwa wa chaka choyamba lisanadutsidwe mzere umenewo.

Ntchito yonseyi imafuna theka la ola pa sabata. Sankhani nthawi yanu, kaya Loweruka mukamaliza kuchapa mayunifolomu, kaya Lamulungu madzulo. Khutulani chikwama ndi matumba, pepala lililonse lipite kwawo, za m'foni zilowe m'mafoda. Ngati muli ndi gulu lowerengera limodzi, yerekezani mafayilo anu kamodzi pa mwezi. Chimene chasowa kwa wina chimapezeka kwa mnzake, ndipo manambala akasiyana pakati pa makope awiri mumadziwa kuti wina anamva molakwika, n'kukafunsa.

Ndisanamalize ndipemphe magulu awiri. Aphunzitsi anzanga, tiyeni tizilemba deti ndi gwero pa handauti iliyonse ndi pa silaidi yoyamba, ndipo tisanagawe za chaka chatha tiziyamba taona ngati malangizo sanasinthe. Ana amakhulupirira chilichonse chochokera m'manja mwathu. Ndipo inu makolo ndi onse olipirira ana, mwana akapempha ndalama ya mafayilo, makope ndi fotokope, musaone ngati akufuna zodyera. Ndi zipangizo za ntchito yake, monga wotchi ndi sizasi.

Kwa iwe wophunzira amene ukundimvera uli pa bedi la ku hositelo, usadikire temu yamawa. Pulogalamu ikatha, koka katoniyo. Yamba ndi mapepala a mankhwala. Lililonse limene ukukumbukira tsiku lake, lemba deti. Limene sukulidziwa chaka chake, liike pambali, mawa upite nalo kwa aphunzitsi kapena kwa asisita a m'wodi ukafunse ngati zimene zalembedwapo zikugwirabe ntchito.

MUULUTSI: Amene muli pa ntchito ya usiku m'zipatala zathu, mugwire bwino ntchito. Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)